Dziko la kwa Zuze

Kuseri kwa chigayo cha Alufandika, pa Bangula,
m'kachipinda ka malata kopanda zenera,
Zuze amabwereketsa dziko lonse
pa mtengo wa mandasi atatu.
Ndalama yanga imafika yonyowa,
yochokera m'bwato pa Mtayamoyo.
Iye amaiyanika patebulo
n'kundikankhira mpando wothyoka msana.

M'gemumo nkhope ndilibe.
Ndili ndi manja awiri basi,
ndi mfuti yoloza kumene ndayang'ana.

Zabwino ndizinena, ndisachimwire mwini wake.
Mpanda mulibe.
Phiri limene diso laona, phazi limafikako.
Ine amene mapiri a Thyolo ndimangowaona ngati utsi
kutsidya kwa dambo,
ndakwera nsonga zisanu thobwa lisanathe m'botolo.
Galimoto ukaipeza ndi yako, wofunsa chiphaso palibe.
Msasa wa adani ungaulowe chokwawa
ngati ng'azi m'bango,
kapena udikire mphepo, uyatse udzu,
moto uthamange ngati wa nzimbe ku Nchalo
usiku woti mawa adula.
Pamenepo mtima umagunda m'zala,
thukuta ndimaliiwala,
ngakhale malata akulira ndi dzuwa la Okutobala.

Koma dziko lalikulu chonchi, eni ake ali kuti?
Mayi wina akusesa pakhomo pomwepo chiyambire Epulo.
Ndikamuyandikira amanena mawu anayi omwewo,
osafunsa n'komwe kuti kwathu adzuka bwanji.
Ndinafufuza batani lopereka moni.
Palibe.
Manja awiriwa amadziwa chilankhulo chimodzi.

Msasa wachisanu ndi chiwiri ndi woyamba uja,
anangopaka chipata utoto wina.
Alonda ake ndi zitsiru zovala bwino:
ukaponya mwala, onse amathamangira kukhoma
n'kuima, misana ili kwa iwe.
Mapu adzaza timadontho ngati mwana wa chikuku,
kadontho kalikonse ndi ganyu.
Pita ukatenge. Bwera nacho. Pitanso.
Dzulo galimoto inamira m'nthaka youma
matayala akuzungulira m'mwamba.
Zuze sanadzutse ndi mutu womwe.
Imatero imeneyo, zimitsa uyatsenso.

Muli mtsinje.
Ndinausiyira tsiku lake, ndinalowamo dala.
Madzi oyera mbee, miyala kuoneka pansi,
namasupuni mulibe, ng'ona mulibe,
mtsinje wosadziwa Januwale,
wosalowapo m'nyumba ya munthu usiku.
Ndinawoloka ndi mfuti zitatu kumsana
mpweya osandithera.
Bizeki, mng'ono wanga,
anangosenza thumba limodzi la mapira.

M'menemo ukafa umadzuka pansi pa mtengo,
zipolopolo zadzaza, malaya ali ouma.
Lero ndafa kasanu ndi kamodzi.
Sindikudziwa ngati ichi ndichiike ku zabwino
kapena ku zoipa.
Ndimangodziwa kuti ulendo wachitatu
ndinakhala pansi pa mtengowo osasuntha,
ndikuyang'ana mtsinje,
mpaka kamnyamata kodikira kumbuyo kwanga
kanati, achimwene, ngati mwatopa tipatseni.

Kenako jenereta inatsokomola kawiri.
Mapiri, misasa, mayi wa tsache uja,
zonse zii.
M'galasi lakuda munatsala nkhope ija ndinalibe,
yamafuta, maso ofiira,
kumbuyo kwake ana asanu ndi awiri atatsegula kukamwa.

Zuze analemba m'kope:
Fombe, mphindi khumi ndi ziwiri, ngongole yanga.

Panja fumbi likuwotcha mapazi.
Padoko andidikira amayi awiri a ku Makhanga,
njinga, mbuzi yomangidwa miyendo,
ndi bambo wodwala amene sangadikire mawa.
Nkhafi ndi yolemera kuposa mfuti ija.
Madzi ndi ofiirira, pansi sipaoneka,
ndipo aliyense m'bwatomu ali ndi mawu ake.

Loweruka ndibwereranso.
Kumpoto kwa mapu kuli phiri lina loyera pamwamba,
ndipo mphindi zanga zija
Zuze asaganize kuti ndaiwala.